Chiwindi cha Bambo Fackson

Mu msewu wawo wonse ku Mufakose panalibe amene anamvapo a Fackson akukweza mawu. Anagwira ntchito zaka zambiri pa fakitale ina ya mafuta ophikira ku Southerton, akusenza matumba a soya, mpaka pamene mbali imene ankagwirako inatsekedwa. Bambo awo anachokera ku Dedza, ku Malawi, kudzagwira ntchito m'mapulazi a fodya kudziko lino la Ashona, koma iwo anabadwira konkuno. M'nyumba ankayankhula Chichewa ndi akazi awo, a Doris, pomwe ana awo awiri, Fanwell ndi Pretty, ankamva Chichewacho n'kuyankha m'Chishona. Mowa a Fackson anausiya Pretty ali ku pulayimale. Chimene sanasiye ndi nyama.

Chaka china ku kiliniki anawayeza magazi n'kuwauza kuti kolesterolo wawo wakwera. A Doris anafunsa tanthauzo lake, ndipo namwino anawauza kuti ndi mafuta a m'magazi amene amatseka mitsempha. Kuyambira pamenepo a Doris analimbana ndi mafuta. Nkhuku ankaisenda khungu, nyama ankaichotsa zoyera zonse ndi kampeni kawo, majarini anasiya kugula. Amuna awo atayamba kuwonda manja ndi m'mapewa, iwo anaganiza kuti mafuta aja ndiwo akutha. Mimba yokha ndiyo inkakula, ndipo maso anayamba kuoneka achikasu pang'ono. A Fackson ankati ndi ukalamba.

Loweruka lina m'nyengo yotentha kunabwera anthu a ku Kuwadzana kudzapereka malowolo a Pretty. Zinthu zinayenda bwino. Apongoziwo anabweretsa nyama ya ng'ombe yambiri, ndipo Fanwell, amene ankayendetsa kombi, minibasi yonyamula anthu, pakati pa Mufakose ndi m'tauni, anaika migolo iwiri yodula pakati pabwalo n'kuyamba kuwotcha. A Doris ankasankhira amuna awo minofu yokhayokha yopanda mafuta, mbale yodzaza.

"Idyani, bambo a Fanwell. Lero ndi tsiku lanu," anatero. "Iyi ilibe vuto, ndachotsa zonse."

Alendo atapita nyama inatsala yambiri. Magetsi anazima Lamulungu m'mawa osabweranso, ndipo nyama ya mu firiji inayamba kutsika madzi. A Doris anagawirako anansi, yotsalayo anaiphika yonse. A Fackson anadya nyama m'mawa, masana ndi madzulo. Anadandaula kuti m'mimba mwawo mwauma, sakupita kuchimbudzi, koma palibe amene anaziika kumtima.

Lachiwiri m'mawa anadzuka mochedwa, atavala malaya motembenuza. Anakhala patebulo n'kuthira tiyi m'mbale ya shuga. A Doris atawafunsa chomwe akuchita, a Fackson anawayang'ana nthawi yaitali.

"Iris, wabwera liti?"

Iris anali mlongo wawo wa a Fackson, amene anamwalira kalekale. A Doris anaseka, poganiza kuti tulo sitinawathere. Atawerama kuti achotse mbaleyo anamva fungo lachilendo m'kamwa mwa amuna awo, lonunkhira ngati chipatso chovunda. Kapu inkagwedera m'dzanja lawo. Anawagoneka pa sofa n'kutuluka kukachapa pa sinki ya panja.

Dzuwa litafika pamutu a Fackson anatuluka m'nyumba osavala nsapato.

"Majombo anga ali kuti? Ndachedwa ku shifiti."

"Shifiti yanji, bambo a Fanwell? Ntchito munasiya kale. Lowani mukagone."

"Wawabisa iwe. Ndakuona. Ukufuna andichotse ntchito."

Chikhalireni m'banja a Fackson anali asanawatchulepo akazi awo kuti iwe. A Doris anapukuta manja pa chitenje n'kuwagwira pamkono kuti awalowetse. A Fackson anawakankha pachifuwa ndi mphamvu imene munthu wowonda chotero sankaoneka kuti ali nayo. A Doris anagwera m'beseni la zovala. Asanadzuke, amuna awo anali atatola paipi yachitsulo imene ankatsekera geti.

Poyamba paipiyo inamenya sinki, simenti n'kudukaduka. Kachiwiri a Doris anatchinga ndi mkono wamanja, ndipo anamva fupa likuthyoka asanamve ululu. Kachitatu inawapeza pamwamba pa khutu. Magazi anatsika kuphimba diso. Anakwawa ndi dzanja limodzi kulowera kuseri kwa mgolo wa madzi, akuitana amuna awo ndi dzina, koma a Fackson ankamenya mgolowo, chitseko, zenera la kukhichini, akubangula mawu osamveka.

Mai Tafara, amene ankakhala nyumba yoyandikana nayo, anasuzumira pampanda n'kukuwa. Anthu anathamanga kuchokera pa kagolosale ka pakona ndi pomwe ankasewera bawo. Mai Tafara anaimbira Fanwell foni. Anamupeza ali pafupi, kombi yodzaza. Fanwell anatsitsa anthu onse pamsewu n'kuikhotetsa.

Pamene ankafika, pageti panali patadzaza. Mwamuna wina wa mumsewumo, Eliya, anali atayesa kulanda paipi ija, ndipo tsopano anakhala pansi atagwira kukamwa, mano awiri ali m'dzanja. Ena ankaponya miyala ali kunja kwa mpanda.

"Mudhara apenga," wina anamuuza Fanwell m'Chishona, kutanthauza kuti mkuluyo wachita misala.

"Si misala iyi," anatero mayi wina kumbuyo. "Ndi mankhwala awo a ku Malawi. Awatembenukira lero."

Fanwell sanamve zimenezo. Anaona mayi ake atagona m'matope a sopo, nkhope yonse ili magazi, mkono utapindika pamalo pomwe palibe chigongono. Analowa akuthamanga. Paipi inamukhudza paphewa, koma iye anali kale pathupi pa bambo ake. Anawagwetsa chagada pa simenti. Anawamenya nkhonya kumaso, kenako pachifuwa, ndipo ataimirira anayamba kuwaponda m'nthiti ndi m'mimba.

"Mwawatani amayi?" ankafunsa pa kuponda kulikonse. "Mwawatani?"

A Fackson anamugwira mwendo n'kumuluma pakatumba mpaka mano analowa. Apo ndi pamene anthu a pageti analowa onse. Eliya anadzuka n'kutola chidutswa cha njerwa. Wina anabwera ndi chikwapu cha tayala, wina ndi thabwa la pa benchi. Ankamenya mopanikizana, mpaka kumenyana okhaokha zigongono. Ambiri mwa iwo anali atadya nyama ya a Fackson Loweruka lomwelo. Mkuluyo ankadzipinda, n'kudziwongola, akuitanabe majombo ake.

A Doris anatuluka kuseri kwa mgolo akukwawa. Palibe amene anawaona mpaka atadziponya pamwamba pa amuna awo. Chikwapu chinawapeza pamsana kamodzi mwini wake asanabweze dzanja.

"Ndipheni ineyo," anatero. Mawu awo sanali okwera. "Fanwell, awa ndi bambo ako. Akudwala. Taona maso awo."

Anthu anabwerera m'mbuyo. A Fackson anagona chammbali, akupuma mwaphokoso. Kenako thupi lawo linagwedezeka, ndipo anasanza magazi ambiri, ena ofiira, ena akuda ngati makala onyowa. Anayenderera pa simenti mpaka pa nsapato za Fanwell. Maso a mkuluyo anali otsegula, achikasu ngati m'kati mwa dzira losapsa, koma sankaona munthu. Eliya anataya njerwa ija n'kutuluka pageti mwakachetechete, ena n'kumutsatira.

Fanwell ndi Mai Tafara anawanyamula onse awiri n'kuwagoneka m'mipando ya kombi. Njira yonse yopita ku chipatala chachikulu Fanwell ankaliza hutala, mwendo wake ukukha magazi pa buleki.

A Doris anawasoka pamutu n'kuwaika pulasitala pamkono. Atangomaliza anakana kugona, anapempha kuti awaperekeze kumene kunali amuna awo. Anawapeza atawaika magazi ndi madzi, ndipo kachubu kanalowa m'mphuno. Dokotala wake anali mayi wamng'ono thupi, dzina lake Vimbai. Anawafunsa zonse: zomwe a Fackson anadya, tsiku limene anapita kuchimbudzi komaliza, ngati ankamwa mowa, ngati ankagona masana n'kusowa tulo usiku. Kenako anakweza manja a wodwalayo, kuwongola zikhatho, n'kuwasiya. Zikhathozo zinagwa n'kudzuka, kugwa n'kudzuka, ngati mapiko a nkhuku yodulidwa khosi.

"Amuna anu si amisala, mayi, ndipo palibe amene wawalodza," anatero dokotalayo. "Chiwindi chawo chawonongeka. Chauma, chachita zipsera. Mwina ndi mowa wakale, mwina ndi kachilombo ka m'chiwindi, tiona magazi akabwera."

"Chiwindi chingamenyetse munthu mkazi wake?" Fanwell anafunsa. Anaima chapatali, pafupi ndi chitseko.

"Chingathe. Munthu akadya nyama, mazira kapena nyemba, m'mimba mumaphwanya mapuloteni ake kukhala tizidutswa ting'onoting'ono, timene timati ma amino asidi. Thupi limatenga timeneto kumangira minofu, magazi, khungu. Totsala sitisungidwa ngati mafuta. Timaphwanyidwanso, ndipo pophwanyapo pamatuluka poizoni wotchedwa amoniya. Wina amapangidwa ndi tizilombo ta m'matumbo. Chiwindi chabwino chimagwira amoniyayo n'kumusandutsa yureya, amene alibe ukali, impso n'kumutaya mu mkodzo. Inu ndi ine zimatichitikira tsiku lililonse osadziwa. Kwa bambowa magazi akulambalala chiwindi. Poizoni uja akupita ku ubongo."

A Doris anakhala pampando. "Ndiye ndi nyama ija."

"Nyama yambiri nthawi imodzi, komanso kusapita kuchimbudzi, chifukwa zonse zinakhala m'matumbo. Palinso china. Chiwindi chikauma, mitsempha ya kummero imatupa, ndipo imatha kuchucha pang'onopang'ono munthu osadziwa. Magazi nawonso ndi mapuloteni. Akalowa m'matumbo, thupi limawagaya ngati nyama."

"Koma ine ndinkachotsa mafuta onse," a Doris anatero. "Anatiuza za kolesterolo. Sindinawapatse khungu la nkhuku ngakhale tsiku limodzi."

"Munachita zomwe munauzidwa, ndipo pa nthawiyo zinali zoona. Kolesterolo ndi nkhani ina. Wambiri amapangidwa ndi chiwindi chomwecho, ndipo thupi limamufuna popanga ndulu ndi zina. Lero tikawayeza mupeza kuti watsika, osati chifukwa achira, koma chifukwa chiwindi chatopa kumupanga."

Fanwell anasendera pafupi. Anayankhula m'Chishona, motsitsa, kuti mayi ake asamve bwino, koma anamva.

"Mtsempha umene waphulikawo. Ndinawaponda m'mimba. Ndine ndauphulitsa?"

Dokotala Vimbai anamuyang'ana, n'kuyang'ananso mwendo wake womangidwa bandeji. "Mitsemphayo inali yotupa kale. Ikanatha kuphulika tsiku lina lililonse, ali patebulo. Koma sindingakuuze kuti kuponda kwako sikunathandizire, chifukwa sindikudziwa. Nthiti zitatu zothyokazo ndiye si za chiwindi."

Fanwell anatuluka. Mayi ake anamupeza pambuyo pake atakhala m'kombi, atatsamira chiwongolero.

Anamwino ankawathira a Fackson mankhwala amadzimadzi otsekemera kudzera m'kachubu kaja, otsegula m'mimba, kuti poizoni azituluka asanalowe m'magazi. Mitsempha ya kummero anaimanga. Masiku oyamba ankangobuula, atamangidwa manja ku bedi chifukwa ankazula machubu. Kenako m'mawa wina a Doris atalowa, anawapeza atatsegula maso, akuyang'ana denga.

"Mayi a Fanwell," anatero, mawu ali osasa. "Tili kuti kuno?"

"Kuchipatala."

Anayesa kudzuka, ululu wa m'nthiti n'kuwabweza. Anaona pulasitala pamkono wa akazi awo, ndi pamutu pometedwa pomwe panali ulusi wakuda.

"Tinachita ngozi? Fanwell ndiye amayendetsa?"

A Doris anali ataganiza kale zowanamiza. Pretty, amene anabwera kuchokera ku Kuwadzana tsiku lomwe lija, anawapempha kuti anene kuti anagwa. Koma mu msewu monse anthu anaona, ndipo a Fackson akanadzamva kwa ana osewera panja.

"Munandimenya ndinu, bambo a Fanwell. Ndi paipi ya pageti."

A Fackson anaseka pang'ono, kuyembekeza kuti akazi awo asekanso. Ataona kuti sakuseka, anatembenukira kukhoma. A Doris anawafotokozera zonse monga momwe dokotala ananenera, za nyama, za poizoni wopita ku ubongo. Sanadziwe ngati akumva. Kenako a Fackson anafunsa, osatembenuka, kuti iwowo anawamenya ndani.

"Anthu a mumsewu. Ndi mwana wanu."

"Anachita bwino," anatero a Fackson.

"Sanachite bwino. Musadzamuuze choncho."

Pamene amuna awo ankatuluka m'chipatala, a Doris ankafuna kuwaletseratu nyama, mazira ndi nyemba zomwe. Dokotala Vimbai anakana. Anati munthu akasowa mapuloteni thupi limayamba kudya minofu yake, pomwe minofuyo imathandizanso kuchotsa amoniya. Anawauza kuti aziwapatsa pang'onopang'ono koma pafupipafupi, makamaka nyemba, soya, mkaka ndi dzira, ndi kachakudya kena asanagone, ndipo mankhwala otsekemera aja asadumphe tsiku. Anawauzanso mosabisa kuti chiwindi chotere sichibwerera mwakale.

Fanwell anasiya chipinda chimene ankachita lendi n'kubwerera kwa makolo ake. Ankagona pa sofa. M'mawa uliwonse asanapite ku kombi ankauza bambo ake kuti akweze manja, n'kuyang'ana ngati zikhatho zikugwa. Kupatula apo sankayankhulana kwambiri. A Doris anasonkhanitsa mipeni, nkhwangwa ndi mpini wa khasu n'kukasungitsa kwa Mai Tafara. Ankachita zimenezi amuna awo akuona, ndipo iwo ndi amene anawakumbutsa za hamala imene inali pansi pa bedi.

Anthu a mumsewu ankadutsa pageti mofulumira. Eliya yekha anabwera tsiku lina, atavula chipewa, n'kukhala pakhonde ndi a Fackson. Aliyense anapepesa mnzake. Mkazi wa Eliya sanasiye kuuza anthu kuti m'nyumba imeneyo muli chinthu.

Zinachitikanso kamodzi, m'nyengo yozizira. Mankhwala anatha, ndipo m'mafamase a pafupi munalibe. Patangopita masiku ochepa a Fackson anayamba kusokoneza mayina. Fanwell sanapite ku ntchito tsiku limenelo. Chakumasana bambo ake anadzuka pampando, anatenga ketulo ya madzi otentha pa mbaula n'kumuponyera. Madziwo anamuwotcha pakhosi ndi pachifuwa. A Doris anathawira kuchipinda n'kukhoma chitseko, monga anagwirizanirana. Fanwell anawazungulira bambo ake n'kuwakumbatira chakumbuyo, manja awo ali m'kati. Mkuluyo anamumenya ndi mutu pamphuno mpaka magazi anatuluka, anamuponda zala, anamutukwana mawu amene Fanwell sankadziwa kuti bambo ake amawadziwa. Anagwera limodzi pansi pakati pa tebulo ndi kabati, mbale zikusweka. Fanwell sanamasule, ndipo sanabwezere. Anawagwira choncho mpaka mphamvu zinawathera, kenako anawanyamula ngati mwana kupita nawo ku kombi.

Ulendo umenewo anatsitsimukanso, koma anatuluka ali ofooka kwambiri. Miyendo inatupa, mimba ankaipopa madzi kuchipatala pafupipafupi. Masiku amene mutu wawo unali bwino ankakhala padzuwa pakhonde, ndipo Fanwell akaweruka ankawameta ndevu. Tsiku lina ali mkati mowameta, a Fackson anagwira chipsera cha moto pakhosi pa mwana wawo.

"Ichinso ndine?"

"Ndi matenda, bambo."

"Manja ake ndi anga." Lezala linapitiriza kuyenda. "Amayi ako akuti unandithyola nthiti."

Fanwell anaimitsa dzanja. "Inde."

"Ine sindikukumbuka. Iwe ukukumbuka zonse. Ndiye wako ndiye katundu wolemera." Anatseka maso n'kukweza chibwano. "Malizitsa, sopo akuuma."

A Fackson anamwalira mvula yoyamba itangogwa, m'chipatala, ali m'tulo timene sanadzukenso. Masiku awo omaliza sanamenye munthu. Pa maliro anthu a mumsewu anabwera onse, ndipo ena mwa amene anagwira matabwa tsiku lija ndi amene ananyamula bokosi. A Doris anawalola. Mkono wawo sunawongokenso bwino, moti kuchapa ndi kusenza madzi zinawakanika. Pretty anawapempha kuti asamukire ku Kuwadzana, koma anakana, ndipo Fanwell anakhalabe nawo ku Mufakose. Dokotala Vimbai anali atawauza kuti magazi a bambo awo anasonyeza kachilombo ka m'chiwindi kamene kamatha kufala m'banja. Maliro atatha, Fanwell anatenga mayi ake ndi mlongo wake pa kombi, onse atatu n'kukayezetsa.